Sindinena Kuti Inali Juwisi

Anambewe sabwera kunyumba kwanga asanaimbe foni. Choncho nditawaona Lolemba lapitali akutsika galimoto pageti, nkhope ili gwa, mtima wanga unathamangira kumudzi. Kuno ku Perth munthu akakupeza mosakuuza, umayamba waganiza za maliro.

"Kwagwanji, Anambewe?"

"Tiyeni tikhale pansi kaye, amake Tamanda."

Anambewe ndi mnzanga wakalekale, ndipo ndi iwo amene amatsogolera amayi kumpingo kwathu. Tiyi anakana. Anatulutsa foni m'chikwama, n'kuikankhira kwa ine pathebulo.

Pafonipo panali ine. Ndavala chipewa changa cha dzuwa, ndakweza katambula m'mwamba ndikukayang'ana pa kuwala, ndipo patsogolo panga pali thabwa lokhala ndi timatambula tina titatu. Ndisaname, ndinatuluka bwino.

"Chithunzichi chazungulira gulu lonse la amayi la pa foni," anatero Anambewe. "Chafikanso kwa amake Yamikani."

Yamikani ndi mnyamata amene akufuna kukwatira mwana wanga Tamanda. Makolo ake amakhala ku Maddington, bambo ake ndi mkulu wa mpingo wina, ndipo tinali titapangana kuti Loweruka la sabata lomwelo abwera ndi ankhoswe kudzaonekera kwathu.

"Nkhaniyi ndi yosavuta," anapitiriza Anambewe. "Mulembe pagulupo kuti inali juwisi wa maapulo. Mtundu wake ndi womwewo. Ndipo ngati m'firiji muli zitini, mundipatse ndikasunge kwanga mpaka alendo atapita."

"Koma sinali juwisi."

"Ndikudziwa kuti sinali juwisi! Aliyense akudziwa. Anthu akungofuna kuti munene."

Mwamva, owerenga? Aliyense akudziwa, koma akungofuna kuti ndinene. Bodza loti wonena akudziwa kuti ndi bodza, womva akudziwanso kuti ndi bodza, koma tonse tigwedeze mitu ndi kuyamba nyimbo. Ameneyo ndiye mtendere umene amandipempha.

Ndinakana.

Popeza chithunzi sichiyankhula, lekani ndikuuzeni ndekha zimene zinachitika, kuti kandimverere asakanene za m'maluwa.

Bambo a Tamanda amakonza makina ku mgodi wina kumpoto. Amapita pa ndege, amakhalako masabata, ndipo akabwera timafuna kupitako kwina kumene kulibe fumbi lofiira ndi fungo la mankhwala. Ineyo ndine namwino, ndimagwira ntchito kuno ku Joondalup. Loweruka limene anandijambulalo tonse tinali pa tchuthi, ndiye tinapita ku chigwa cha Swan, kumene kuli minda ya mphesa, pa kamalo kena kamene amafulula okha mowa n'kumagulitsa pomwepo. Si fakitale yaikulu ayi. Ndi shedi ya malata, matanki angapo onyezimira, mabenchi pansi pa mitengo, ana akuthamanga pa kapinga, agalu atagona pamthunzi.

Malo oterewa alipo ambiri kuno, ena kumapiri, ena kum'mwera kunyanja. Aliyense amafulula mwa njira yake. Ukafika sumagula botolo. Amakupatsa thabwa lokhala ndi timatambula ting'onoting'ono, kalikonse ndi mowa wake, kuti ulawe. Ukathira tonse pamodzi sitingadzaze mabotolo awiri. Ife tinakhala nato masana onse.

Woyamba unali wa tirigu, wotuwa, wofewa pakhosi, wonunkhira ngati nthochi yakupsa. Wachiwiri unali ndi fungo la mango ndi khungu la manyumwa, koma kuwawa kwake kunabwera mochedwa, ngati mawu a apongozi amene umawamvetsa utafika kale kunyumba. Wachitatu unali wakuda bii, wokoma ngati khofi, ndi kafungo ka chimanga chokazinga chimene chapserera pang'ono. Ndi umenewo umene ndinaukweza pa kuwala, chifukwa mowa wakuda ukauyang'ana padzuwa umafiira m'mphepete.

Wachinayi unachokera kwa ofulula ena a ku Albany. Unali wowawasa ngati bwemba. Nditangouika pa lilime ndinatsinzina, mpaka bambo a Tamanda anandifunsa ngati zili bwino.

Zinali bwino. Kungoti ndinali ndafika ku Ntcheu.

Wofulula pamalopo ndi mayi wachitsikana wovala majombo a mphira. Ataona kuti ndikufunsa mafunso ambiri, anandilowetsa mu shedi muja, n'kundipatsa m'dzanja timbewu ta barele kuti nditafune. Anayamba kundifotokozera kuti amanyika mbewuzo m'madzi, zikamera amaziyanika. Ndinaseka. Ndinamuuza kuti kwathu zimenezi zili ndi dzina, timati chimera, ndipo fungo lake ndinalidziwa ndisanadziwe kulemba dzina langa.

Ndinakulira kwa azakhali anga, Anaphiri, amene ankafulula masese. Mowa ukatsala pang'ono kupsa, ankaitana amayi anzawo m'mawa. Chipanda chinkayenda dzanja ndi dzanja. Wina ankalawa n'kutsinzina, amvekere, "Chimera chachepa." Wina, "Iyayi, muusiye ugone, mawa ukhala bwino." Ankatsutsana ngati oweruza milandu, kenaka aliyense n'kutenga khasu lake kupita kudimba, akuyenda mowongoka. Ndipo tsiku lomwera likafika, amuna atakhala bwalo, woyamba kumwa pamaso pa onse anali wofulula mwini wake, kuti anthu aone kuti mulibe choipa. Mayi. Atavala chitenje ndi duku.

Tsono ndifunse: kulawa mowa kunakhala chizungu liti? Ndipo kunakhala kwa amuna okha liti? Amene mukunena kuti ndataya chikhalidwe, chikhalidwe chake chiti, cha ku Ntcheu kapena cha pagulu la pa foni?

Ndisananene zambiri, ndiyambe ndagwada kwa amene samwa. Ndimakulemekezani, ndipo ndimagona ndi mmodzi wa inu. Bambo a Tamanda sanalawepo dontho. Bambo awo anaphedwa ndi kachasu iwo ali mwana, ndipo analumbira pamanda. Tikapita kumalo amenewa, iwo amaitanitsa chakumwa cha jinja ndi nyama, amanunkhiza tambula yanga n'kukwinya mphuno, ndipo ndi amene amayendetsa galimoto. Inenso pantchito ndasambitsa anthu amene mowa unawadya chiwindi. Ndaona maso achikasu, ndaona mimba zotupa, ndaona ana akukana kubwera kudzaona bambo awo. Palibe amene angandiphunzitse kuipa kwa uchidakwa. Ngati simumwa, musayambe chifukwa cha nkhani yangayi. Ngati chikhulupiriro chanu chimaletsa, gwiritsitsani.

Koma si amenewo amene afalitsa chithunzi changa, ndipo tonse tikudziwa.

Tiyeni tinene zoona za maphwando athu. Tikasonkhana ku Maddington kapena ku Kwinana pa tsiku lobadwa la mwana, pemphero likangotha amuna amasowa mmodzimmodzi. Apita kuti? Akukaona galimoto yatsopano m'galaja. Galimoto yake imaonedwa mpaka dzuwa kulowa. Kuseri kwake kuli bokosi la ayezi, ndipo m'menemo palibe amene amafunsa kuti mowawu ukukoma bwanji. Funso limakhala loti watsala wochuluka bwanji. Amatsegula makatoni athunthu, amagugudiza ngati akuthamangitsidwa, kenaka mkazi amalanda makiyi pageti anthu akuona. Mawa lake bambo yemweyo ali kutsogolo ndi tayi, akusonkhetsa chopereka. Chithunzi chake munachionapo pagulu?

Nanga ife amayi? Kukhitchini kumakhala makapu a tiyi amene satuluka nthunzi. Tiyi wake wofiira, wochokera m'botolo lobisidwa kuseri kwa mafuta ophikira. Wina akalowa, timaphimba ndi dzanja. Sinditchula maina. Ena mwa makapu amenewo ndinawatsuka ndekha.

Ndiye mlandu wanga si kumwa. Mlandu wanga ndi kumwa masana, pabwalo, m'tambula yoonekera mkati.

Taganizani bwino zimene tikuphunzitsa ana athu. Tikuwauza kuti munthu akhoza kumwa mpaka kugwa, bola atseke chitseko cha galaja. Koma akakhala pansi ndi katambula, n'kununkhiza, n'kulawa, n'kufunsa kuti anaupanga ndani ndipo anaikamo chiyani, n'kudzuka ali bwinobwino, ameneyo ndiye wotayika. Pa awiriwa, amene angamuphe mowa ndi uti? Chimene chimabisidwa sichiyezedwa. Munthu womwa mobisa amamwa mofulumira, chifukwa akuopa mapazi a munthu pakhonde.

Zonsezi ndinawauza Anambewe. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, n'kunyamula chikwama chawo.

"Mwayankhula bwino, amake Tamanda. Koma amene akukwatiwa si inu."

Mawu amenewo anandilasa, ndipo analasanso kachiwiri pakati pa sabata, Tamanda atabwera. Amakhala pafupi ndi tauni chifukwa cha ntchito, ndiye anakwera sitima ataweruka. Sanavule ngakhale nsapato. Mwanayu anabwera kuno ali wamng'ono, Chichewa amamva chonse koma amayankha m'Chingerezi chake chotulukira m'mphuno, ndipo akakwiya chimathamanga kuposa sitima imene anakwerayo.

Anati iye alibe vuto ndi mowa wanga. Anati amadziwa kuti sanandionepo nditaledzera. Anati zonsezi ndi zopusa, koma amake Yamikani akhala akumuyang'ana ndi diso la m'mbali kuyambira pachiyambi, chifukwa amavala mathalauza ndipo sadziwa kugwada bwino, ndiye tsopano ndawapatsa ndodo yomumenyera.

"Tsiku limodzi lokha," anatero. "Mungolemba chiganizo chimodzi. Chikuvuta n'chiyani?"

Ndinamuuza zimene ndidzachite. Pathebulo sipadzaoneka mowa, chifukwa mlendo umamupatsa chimene amadya. Ndidzaphika ndi mtima wonse. Ndidzavala chitenje, ndidzawagwadira apongozi ake monga mwa mwambo. Koma kunama ayi.

"Mwana wanga, ukalowa m'banja limeneli ndi bodza la amayi ako, bodza lotsatira lidzakhala lako. Lero ndi juwisi. Mawa udzanama za malipiro ako kuti asaoneke oposa a mwamuna. Mkuja udzanama chifukwa chimene simunaberekebe. Udzakhala ukubisa zitini moyo wako wonse, ngakhale iwe sumwa."

Tamanda ananyamuka. Kenaka anati ndikuseweretsa banja lake pofuna kupambana mkangano. Pomaliza, ali pakhomo, anayankhula Chichewa, chimene amachita pokhapokha zikamufika pamtima.

"Amayi, chonde."

Musaganize kuti ndine mwala. Nditatseka chitseko ndinatsegula gulu lija, ndinalemba mawu akuti juwisi, ndipo chala changa chinaima pamwamba pa batani lotumizira. Ndinafufuta. Ndinalembanso. Ndinafufutanso. Chimene chinandiletsa si kunyada kokha, ngakhale sindikana kuti kunalipo. Ndinaona kuti ndikangotumiza, ndavomereza kuti masana aja ndi mwamuna wanga, pansi pa mitengo, ndi fungo la chimera m'dzanja, chinali chinthu chonyansa choyenera kukwiriridwa. Ndipo sichinali.

Loweruka alendo anafika. Kuno amalume ali kutali, ndiye ankhoswe timabwereka kwa abale a mumpingo, ndipo makolo amakhala nawo pomwepo m'malo modikira kuseri. Anambewe anali kumbali yathu. Moni anayenda bwino. Nkhoswe ya kuchimuna inayamba mawu ake, yathu inayankha, ndipo ndinayamba kuganiza kuti mwina mtambo wadutsa. Mpunga ndi nkhuku zili pathebulo, amake Yamikani anakweza dzanja.

"Pepani akuluakulu. Ndisanadye chakudya cha m'nyumba muno, ndili ndi funso kwa mayi anzanga. Chithunzi chija tonse tinachiona. M'tambulamo munali chiyani?"

Anambewe anatsokomola. Anandiyang'ana ndi maso opempha. Tamanda anaweramitsa mutu.

"Unali mowa, mayi," ndinatero. "Ndinkalawa."



"Mwana wanga sanakulire m'nyumba ya mowa," anatero amake Yamikani.

"Ndikukhulupirira, mayi, ndipo mwamulera bwino. Wanganso sanakulire m'nyumba ya bodza."

Apa bambo a Tamanda, amene pamisonkhano yotere sayankhula kawirikawiri, anaomba m'manja pang'onopang'ono kupempha mpata.

"Akuluakulu, taonaninso chithunzicho. Kumapeto kwake kukuoneka chigongono cha malaya a buluu. Chigongono chimenecho ndi changa. Wojambula anandidula, sindikudziwa chifukwa chake. Ine sindimwa, ndipo amene amandidziwa akudziwa chimene chinandiletsa. Koma amene ndinawatengera mayiwa kumeneko ndine, ndipo amene ndinawabweretsa ndine. Ndakhala nawo kuchokera ku Lilongwe mpaka kuno, sindinawatolepo pansi, sindinawalandepo makiyi. Ngati pali mlandu, tigawane pakati."

Ndikanakonda kukuuzani kuti anthu anaseka, n'kugwirana chanza, n'kutchula tsiku la chinkhoswe. Sizinatero. Nkhoswe yawo inati, "Tamva, tikaganize." Bambo ake a Yamikani anadya pang'ono mwaulemu. Amake sanakhudze mbale, ngakhale madzi. Atanyamuka, Yamikani anatsalira pageti, n'kundipatsa moni ndi manja awiri.

"Amayi, ine sindili pagulu la pa foni lija. Ndibweranso."

Ndi mwana wabwino. Koma pakati pa mnyamata ndi mayi ake pali mtunda umene ine sindingaudziwe. Tamanda anachoka osatsanzika, ndipo pamene ndikulemba pano foni yanga sakuyankha. Tsiku la chinkhoswe palibe. Nkhuku yotsala ndaigawira aneba.

Ndikudziwa zimene ena a inu mukunena pamene mukuwerenga: mayi uyu wapasula banja la mwana wake chifukwa cha katambula. Mwina mukunena zoona kuti ndikanatha kuyankha mofewerapo. Lilime langa ndimalidziwa. Ndipo ululu wa mwana wanga sindikuuchepetsa, ukundisowetsa tulo. Ndidzapita kwa iye, ndidzakhala pakhomo pake mpaka atatsegula, ndidzapepesa chifukwa cha misozi yake. Koma sindidzapepesa chifukwa chonena zoona kwa munthu amene anandifunsa m'nyumba mwanga, pamaso pa mwamuna wanga.

Ndipo ngati banja lingagwe chifukwa cha zimene mayi a mkwatibwi analawa masana ena, linali litamangidwa pa chiyani? Mtsikanayo samwa. Amagwira ntchito, amapemphera, amamukonda mnyamatayo. Zonsezo zapepuka kuposa thovu la pa katambula kamodzi?

Tinawoloka nyanja kubwera kuno, tinasiya makolo ndi manda a abale athu, koma mantha a "anthu adzati chiyani" tinawalongedza m'sutikesi mosamala kuposa ufa. Tili ochepa mumzinda uno. Tikanayenera kukhala anthu ozimirana ndevu zikapsa. M'malo mwake tasanduka apolisi a wina ndi mnzake, aliyense ndi kamera m'thumba. Mayi akaphunzira kusambira, wayamba chizungu. Akapita kokayenda yekha kumapiri, banja lavuta. Akadziwa kusiyanitsa mowa wa tirigu ndi wa barele, watayika. Kenaka timadabwa kuti ana athu akakula amathawa misonkhano yathu.

Ine ndipitiriza kulawa. Ndamva kuti kum'mwera, kufupi ndi Margaret River, kuli ena amene amathira uchi wa m'nkhalango za komweko, ndipo bambo a Tamanda akadzabweranso kuchokera ku mgodi tidzapita. Ndidzakhala panja, pamalo oonekera, ndi chipewa changa chomwe chija. Amene samwa adzakhale nafe, jinja alipo. Amene amamwa tiyi wosatuluka nthunzi adzabwerenso, adzaone mmene chinthu chimakomera ukamamwa osayang'ana kukhomo.

Mawu otsiriza ndi anu, inu amene munajambula. Sindikudziwani, koma ndinu Mmalawi mnzanga, chifukwa munandizindikira ndipo munadziwa gulu loti mutumizeko. Munali pafupi kwambiri, moti ngakhale ndolo zanga zikuoneka. Munaona mayi wamkulu wa kwanu, ali ndi mwamuna wake, kudziko la eni, kutali ndi kwawo. Kwathu munthu ukapeza akuluakulu atakhala, umapatuka, umawerama, umafunsa kuti aswera bwanji. Inu munabisala kuseri kwa mtengo, munakweza foni, munachoka osapereka moni.

Ndiye tandiuzani, pakati pa ine ndi inu, wataya mwambo ndani?